Dokotala wa Jakisoni Wosaola

Chimuchotsereni ntchito yotsuka mabotolo ku fakitale, boma litayamba kugulitsa makampani, bambo wa nyumba yapakona ku Estates amadzitcha dokotala. Amasakaniza yekha jakisoni wa testositeroni wokulitsa minofu n'kumabaya anyamata onyamula zitsulo. Timabotolo take timakhala pawindo, padzuwa, tina ta chaka chatha. Kasitomala akadandaula, iye amangoseka: "Vanga sivimaola, mwana. Madeti ni boza ya bazungu!"

Mwezi watha anadzibaya yekha pamaso pa anyamatawo kuti awachotse mantha. Thako linatupa ngati dzungu, moti ku kiliniki anapita atagona chafufumimba pa wilibala. Nesi atatulutsa jakisoni, dokotala uja anadzutsa mutu.

"Ba sisita, imani. Mwaiona deti pa kabotoloko?"