Mapanda a Chigafa cha Malemu

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira, fodya titagulitsa kale, chaka chimene matenda a Kolona anafika kuno. Sanafe ndi Kolona. Anali ndi vuto la mtima kuyambira kale, ndipo tsiku lina m'mawa anakhala pansi pafupi ndi khola la mbuzi osadzukanso. Maliro anali a anthu ochepa, aliyense atavala masiki. Nyimbo zinkamveka ngati anthu akuimbira m'nkhokwe.

Iwo anali mkamwini kwathu kuno, kufupi ndi Chulu. Kwawo ndi kutsidya kwa dambo, njira yolowera ku Chisemphere, ulendo wa maola awiri kwa munthu woyenda bwino. Wamkulu amene anatsala kubanja kwawo ndi mlongo wawo, alamu anga, mayi wondiposa zaka pang'ono. Titaika maliro, alamuwo anandimanga mpango wakuda kumutu n'kundiuza kuti, "Alamu, mukhale kaye pakhomo. Kumunda ayi, kumsika ayi, kutchalitchi ayi. Mwezi ukatha tidzabwera kudzakumasulani." Ndi mmene timachitira kuno. Wamasiye amadikira abale a mwamuna kuti abwere, amumeteko tsitsi, amuvule chakudacho, kenako ayambenso kuyenda ngati anthu ena.

Mwezi unatha, sanabwere. Matenda anali atakula, ndipo pa wailesi ankangonena kuti akutenga kwambiri ife okalamba. Uthenga unafika pa foni ya mng'ono wanga, amene nyumba yake inayang'anizana ndi yanga: abwera zinthu zikakhala bwino.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Lilongwe. Iye anachita mantha kuposa tonse. Anatumiza sopo, shuga, mamasiki, ndi mpando wa pulasitiki wobiriwira wokhala ndi poika manja. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo ndi mpando wangawanga. Pa foni anati, "Amayi, ntchito yanu ndi kukhala basi. Musatuluke, musagwire kanthu. Ndataya abambo, sindikufuna kutayanso inu." Anauzanso mng'ono wanga kuti azindiphikira, azinditungira madzi, azindisesera. Mng'ono wangayo anachitadi zonsezo ndi mtima umodzi.

Choncho ndinakhala. Mwambo unkati khalani, wailesi inkati khalani, mwana ankati khalani. Nanenso mumtima ndinalibe kumene ndinkafuna kupita. M'mawa ndinkatulutsa mpando pakhonde, dzuwa likafika ndinkausunthira kumbali kwa nyumba, madzulo n'kuulowetsa. Kuyenda kwanga kunali komweko. Ine amene ndinkasenza dengu la mtedza mpaka pa Chulu osatula, amene ndinkapita kudimba kawiri pa tsiku ndi khenya wothirira. Anthu odutsa ankaima patali n'kumandiyamikira kuti ndikulira amuna anga mwaulemu.

Mwezi wachitatu masilipasi anayamba kukana. Ndinkaganiza kuti athina ndi dzuwa. Kenako mawondo anayamba kulira ndikamadzuka, m'mimba munauma, tulo tinkabwera masana. Tsiku lina ndili kubafa ndinanjuta kuti ndisambe, ndipo nditafuna kudzuka miyendo inakana. Ndinagwira udzu wa mpanda, udzu unazuka. Ndinakhala pamwala wosambirapo mpaka madzi anazizira, ndikuchita manyazi kuitana. Pomaliza ndinaitana. Mng'ono wanga anandifunditsa chitenje n'kundidzutsa ngati thumba la chimanga. Ndinaona kuti m'maso mwake muli misozi.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wa zaumoyo pa njinga, akugawa mankhwala othira m'madzi akumwa. Mng'ono wanga anamuitana kuti adzandione. Anasamba m'manja, n'kudina mwendo wanga ndi chala pamwamba pa kakolo. Atachotsa chala panatsala kadzenje.

"Agogo, mumayenda?"

"Ndimakhala. Mwati tizikhala."

"Tinati musapite m'chigulu cha anthu. Sitinati mumere pampando." Anagogoda mpando uja ndi chala. "Kolona mwamuthawa, koma uyu akukumalizani mwakachetechete. Muziyenda tsiku lililonse, pang'onopang'ono. Kutupaku kukapanda kusintha, kapena mukayamba kubanika, mubwere kuchipatala tidzakuyezeni."

Anakwera njinga yake n'kumapita. Za mpango wakuda sanafunse, nanenso sindinamuuze. Ndikanayenda kupita kuti? Munthu wosamasulidwa akaoneka m'njira, mawa lake nkhani ili kutsidya kwa dambo kuti mkazi uja sanadikire n'komwe.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali munda. Amuna anga anausiya atasosa theka. Mwezi wa khumi unali pafupi, anzanga anali atayamba kugalauza mizere, ine ndikulephera kudzuka pamwala. Ndinadziwa kuti mvula ikandipeza pampando, chaka chimenecho sindilima, ndipo mwina sindidzalimanso. Ndikhala wodyetsedwa mpaka tsiku londinyamula.

Ndili pakhonde pomwepo, maso anagwera pa chigafa. Chili kuseri kwa khola, chachitali, chofolera ndi udzu, m'mbali mopanda khoma. Anachimanga okha amuna anga kuti aziyanikamo fodya wa bale, ndipo nthawi imeneyo chinali chopanda kanthu, nkhuku zokha zikusamba fumbi. Ndinabwereza mumtima mawu a alamu anga. Kumunda, kumsika, kutchalitchi. Chigafa sanachitchule. Chigafa ndi pakhomo, timasesa ndi tsache lomwelo.

M'mawa mwake ndinatenga mpini wa khasu ngati ndodo, ndinakafika. Mapanda ogwira denga ali khumi ndi anayi mumzere umodzi, otalikirana mapazi atatu kapena anayi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma mapanda ndimatha kuwerenga. Ndinagwira loyamba, ndinapuma. Ndinasiya n'kukagwira lachiwiri. Tsiku limenelo ndinafika pa phanda lachisanu, thukuta lili kamukamu ngati ndalima ndime. Ndinabwerera momwemo, phanda ndi phanda.

Pa phanda lachisanu ndi chiwiri, limene ndinalifika patapita masiku atatu, ndinapeza singano yosokera fodya itasomekedwa mumng'alu, chingwe chake chili lende. Anaisomeka ndi iwowo, mwina poti adzaitenga mawa. Ndinalira pamenepo kuposa tsiku la maliro. Nditatha ndinaisiya pomwepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikafika pa singano ndiye kuti ndafika pakati.

Mng'ono wanga anandipeza tsiku lachinayi.

"Achemwali, mwataya chiyani muno?"

"Miyendo."

"Anthu ayambatu kunena. Akuti mukufunafuna malemu amuna anu m'chigafa, mutu wayamba kuzungulira."

"Auzeni ndikawapeza ndiwaitana adzapereke moni."

"Nanga mwana wanu akaimba ndinene chiyani?"

"Munene kuti ndili pakhomo. Mukhala mutanama?"

Anaseka, n'kukhala pa mulu wa mikangala, timitengo topachikapo fodya, kumandiwerengera. Ankawerenga mwachinyengo, kudumpha mapanda kuti ndimalize msanga. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kuthandiza asiye kunditungira madzi akumwa, azingondisiyira chidebe pamjigo wapafupi ndi mpanda wathu, anthu akachoka ndizikatenga ndekha theka. Anakana masiku awiri, lachitatu analola.

Patatha sabata ziwiri ndinafika pa phanda lomaliza. Patatha mwezi ndinkapita ndi kubwera kakhumi, m'mawa ndi madzulo, ndodo nditaisiya. Pansi pa chigafa panachita kanjira kosalala, nkhuku zinazolowera kupatuka. Masilipasi analowa. Ndinayamba kusenza khenya wa madzi poyenda, choyamba theka, kenako wodzaza. Tsiku lina ndinanjuta dala pakati pa chigafa, pafupi ndi singano, kuti ndione. Ndinadzuka ndekha osagwira phanda. Ndinanjutanso kachiwiri kuti nditsimikize.

Ndiye kunamveka kuti fetereza wotsika mtengo wafika pa Chulu, ndipo dzina langa linali pa mndandanda. Chaka chimenecho makuponi a pepala kunalibe, ankafuna mwini wake apite ndi chitupa cha unzika. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Tinatumizanso uthenga kutsidya. Yankho linali lomwe lija: zinthu zikakhala bwino.

Ndinauza mng'ono wanga kuti mawa tikupita kutsidya kwa alamu anga.

"Achemwali, zinayamba zachitika kuti wamasiye alondole omumasula?"

"Sizinachitikepo. Nanga miyezi itatu pampando inachitikapo?"

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, titavala mamasiki, ine mpango wakuda uli kumutu. Sitinadutse m'midzi, tinatsata m'mphepete mwa minda. Dambo linali louma, long'ambika, ndipo zibuma zake zinkandipotokola mapazi. Ndinapuma kanayi. Ndikatopa ndinkasankha mtengo kapena chulu kutsogolo n'kumati limenelo ndi phanda lotsatira. Ulendo wa maola awiri tinauyenda maola atatu ndi theka, koma palibe anandigwira dzanja.

Titalowa pakhomo pa alamu anga, ndinaima. Anali pakhonde, pa mpando wa pulasitiki wokhala ndi poika manja. Wawo unali wofiira. Mapazi anali pa kampando kena, otupa ngati maungu, osavala kanthu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinagwada patali monga mwa ulemu, ndikudikira kukalipiridwa.

"Alamu, mwabwera pa njinga ya ndani?"

"Ya miyendo iwiri yomweyi."

"Kuchokera kwanu?"

"Kuchokera kwathu. Mundikhululukire, ndaphwanya mwambo. Koma mvula sidikira, ndipo munda wa achimwene anu uli theka."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Mwambo ndaphwanya ndine. Mumaganiza kuti ndikuopa Kolona? Poyamba inde, ana anandiletsa. Koma mwezi wachiwiri ndinafuna kubwera, ndinalephera kufika ngakhale pa mtengo wa mango uwo. Ndinachita manyazi kuti ndikuuzeni kuti ndalumala popanda kudwala."

"Mpandowo anatumiza ndani?"

"Mwana wanga wa ku Joni."

"Wanga ndi wobiriwira. Wa ku Lilongwe."

Mng'ono wanga anayamba kuseka, alamu anatsatira, mpaka anachotsa masiki kuti apukute misozi. Anati, "Ana athuwa atikonda mpaka kutitsiriza."

Anaitanitsa lumo ndi madzi. Anaitananso akuluakulu awiri a pabanjapo kuti aime patali aone. Ndinasendera n'kugwada pafupi ndi mpando wawo. Anamasula mpango wakuda, anandimeta pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti, "Mwalira mokwanira, alamu. Mlongo wanga munamusunga bwino. Pitani kumunda, pitani kumsika, pitani kulikonse." Mphepo inandikhudza m'mutu koyamba chichokereni amuna anga.

Ndinadzuka pamene ndinagwada osagwira pansi, ndipo ndinaona kuti alamu aona.

"Mwachita bwanji?" anafunsa.

"Chigafa muli nacho?"

Chinalipo, cha mkamwini wawo, chachifupi, cha mapanda asanu ndi anayi. Tinawadzutsa, ine mbali iyi mng'ono wanga mbali inayo, akutitukwana njira yonse kuti tabwera kudzawapha pakhomo pawo pomwe. Anagwira phanda loyamba. Anafika lachitatu n'kunena kuti basi, nyama ya munthu ili ndi malire. Ndinawauza kuti ine tsiku loyamba ndinafika lachisanu. Anandiyang'ana moipa, anapuma, n'kukagwira lachinayi, kenako lachisanu, kenako lachisanu ndi chimodzi. "Kauzeni a kwanu," anatero. Ndinauza ana a pakhomopo kuti apite nawonso kuchipatala akawaone mapaziwo, monga anandiuzira mayi wa zaumoyo uja.

Tinagona konko, m'mawa tinabwerera. Patapita masiku awiri ndinapita pa Chulu wapansi, chitupa chili pa mfundo ya chitenje. Pa mzere ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndikusiya mpata pakati pa ine ndi wa kutsogolo, ngakhale ena ankalowerera pampatapo. Matumba ndinakweza pa ngolo ya mnansi wathu. Iye anati ndikwere pamwamba, ine ndinati ng'ombe zatopa kale, ndinayenda pambuyo.

Mwana wanga atamva anakalipa pa foni mpaka mayunitsi anamuthera. Anaimbanso mawa lake, ndipo ndinamufotokozera za kubafa, zimene ndinali nditamubisira. Nditamaliza anafunsa kuti nsapato ndimavala nambala yanji. Anatumiza za chinsalu, zomanga ndi zingwe.

Munda ndinagalauza ndekha, mizere isanu pa tsiku, kenako khumi. Mbali ina anandithandiza mng'ono wanga. Mvula yobzalira inatipeza titamaliza. Fodya sindinalime, ndi ntchito ya anthu awiri. Ndinabzala chimanga ndi mtedza, chigafa ndinabwereketsa kwa mwamuna wa mng'ono wanga, koma ndinamuuza kuti singano ya pa phanda lachisanu ndi chiwiri asaichotse.

Chimanga chitamasula ngayaye, tsiku lina masana ndili kupalira mtedza, ndinaona munthu akutuluka m'dambo, chitenje atakwinyira m'mawondo, matope mpaka m'akakolo, ndodo m'manja, mdzukulu wawo wamkazi akubwera pambuyo ndi nkhuku. Anaima kumapeto kwa mzere akupuma mwamphamvu.

"Ndabwera kudzaona ngati munda wa mlongo wanga mwaulima bwino," anatero alamu anga.

Ndinawatengera kunyumba n'kuwatulutsira mpando wobiriwira uja. Pampandopo panali lichero la mbewu ya nyemba, ndinalichotsa n'kupukuta fumbi. Anauyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Chotsani chimenecho. Tiyeni mukandionetse chimanga."