Nsapato Zofiira za Khirisimasi

Kwathu ku malayini a esiteti ya tiyi, zovala za Khirisimasi sizivalidwa tsikulo lisanafike. Zimatsekeredwa m'sutikesi, ngakhale kungoyesa kokha ayi. Sindikudziwa amene anayambitsa lamulo limeneli, koma ine linandiwonongera tsiku.

Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2 chifukwa cha mimba. Mnyamatayo anakana, kwawo anakananso. Mayi ake ankapemphera tchalitchi chathu chomwe, benchi lawo linali lakutsogolo. Mawu awo anandipeza kumpopi: akuti mwana wobadwa kwa mwana mnzake adzakula ngati kambuzi. Chaka chimene mwana wanga anakwanitsa zaka ziwiri ndinalumbira kuti pa Khirisimasi adzalowa m'tchalitchi akuyenda yekha, atavala nsapato, ndipo adzadutsa pamaso pa mayi amenewo.

Ndinapalira minda ya anthu mpaka manja kuchita matuza. Tsiku lopita kumsika wa ku Limbuli ndinayeza phazi la mwana ndi kaphesi, ndikuthyola pamene panathera chala chachikulu. Amayi anga anandilanda kaphesiko, n'kuthyola kena kotalikirapo.

"Adzakulira momwemo," anatero. "Ukufuna uzigula chaka ndi chaka ngati mkazi wa manijala?"

Pa kaunjika ndinapeza zofiira, za kalamba pamwamba. Nditafika nazo kunyumba ndinafuna kumuveka kuti azolowere. Amayi anakana.

"Akavala lero, tsikulo adzavala chiyani? Zakale?"

Anazitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumanga pakona ya chitenje chawo.

M'mawa wa Khirisimasi kunacha ndi matope, phiri lonse litabisala m'mitambo. Ndinamusambitsa, kumudzoza mafuta mpaka chipumi kuwala, kumuveka diresi. Zonsezo analola. Kenako nsapato. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chibadwire mwanayu sanavalepo kanthu kumapazi.

Ndinamuimika. Anangouma ngati amukhomera pansi, maso ali kumapazi. Atanyamula mwendo, nsapato inatsala. Ndinang'amba pepala ndikufutsira kutsogolo, ndikumanga kalamba mwamphamvu. Analira kulira kwa jakisoni.

"Kuluma! Amama, kuluma!"

"Sizikuluma, iwe! Yenda!"

Anakhala pansi n'kuyamba kuzikumba ndi zala.

"Musiye apite choncho," anatero amayi ali kumoto kuyang'anira mpunga. "Mulungu sayang'ana mapazi."

"Mulungu sayang'ana, koma mayi aja amayang'ana."

"Ndiye ukupita kukapemphera kwa mayi ajawo?"

Ndinamubereka nsapato zili kumapazi, ndikulowa njira ya m'munda wa tiyi. Njira yonse ankandiponda m'nthiti. Tili pafupi kufika ndinagwira phazi lake, ndinamva khungu lokha. Ndinabwerera ndikutukwana, siketi yanga yabwino ikunyowa ndi madzi a pamasamba, mpaka ndinaipeza nsapatoyo itamira m'chithaphwi.

Tinafika kwaya itayamba kale kuimba. Pakhomo ndinamutsitsa, ndinapukuta nsapato ija ndi chitenje, ndikumuveka, ndikumuika switi mkamwa kuti atseke pakamwapo. Ndinamunong'oneza kuti akayenda bwino ndimugulira chibaluni. Anagwedeza mutu ngati munthu womva.

Anayendadi pang'ono, akukwakwaza mapazi ngati bakha. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma titafika pakati pa tchalitchi anangoti khalee pansi, n'kuvula zonse ziwiri mosavuta, popeza zinali zazikulu. Mapepala aja anagwera poyera. Anazikumbatira pachifuwa ngati chidole, nadzuka, n'kuthamangira kutsogolo kumene kunakhala ana anzake, mapazi ali mbee, akumwetulira aliyense. Anthu anaseka. Wina anati, "Koma kamwanaka!" Ine ndinatola mapepala anga ndikukakhala kumbuyo. Ulaliki wonse sindinamve ngakhale liwu.

Potuluka, mayi aja anaima pamasitepe ndi anzawo. Anayang'ana mwana, anayang'ana nsapato zili m'manja mwake. Sanalankhule kwa ine, analankhula kwa mnzawo, koma mokweza.

"Zobwereka zimatero, sizikwana. Akabweze msanga kwa eni ake zisanataike."

Ndinawatembenukira.

"Ndagula ndekha, mayi. Ndi khasu. Mwana wanu uja wagula chiyani?"

Mayiwo anangokonza duku lawo n'kutsika masitepe ngati palankhula mphepo. Amayi anga, amene anali atafika mochedwa, anandikoka dzanja.

"Pa Khirisimasi pomwe, iwe? Tiye!"

Ndiye mpaka lero pali anthu kumeneko amene amadziwa kuti ndinabwereka nsapato, ndiponso kuti ndilibe mwambo. Tinabwerera njira ya m'tiyi ija mvula ikuwaza, amayi ali patsogolo osandiyankhula. Mwana ali kumsana ankaimba nyimbo ya kwaya m'chinenero chake, uku akundimenya m'mutu ndi nsapato.