Kulawirira ku Mjigo

Mjigo wa m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Sharpevale, unali ndi nthenda imodzi imene ngakhale mwana ankaidziwa: sunkasunga madzi. Masana, anthu akamapopa molandizana, unkatulutsa bwinobwino. Koma ukangogona wopanda wougwira, madzi onse a m'mapaipi ankabwerera pansi, ndipo wofika woyamba m'mawa ankapopa mphepo. Chitsulo chinkapepuka m'manja, chikungolira gwedegwede, munthu n'kupopa mpaka mapewa kuwotcha madzi asanaoneke.

Odziwa za mijigo ankati vuto linali valavu ya pansi. Akuti kumapeto kwa mapaipi, m'kati mwa madzi, kumakhala kachitseko kampira kamene kamalola madzi kukwera koma kamawakaniza kutsika. Kathuko kanadyeka ndi mchenga, ndiye kankangotseka mwamwambo chabe. Nthawi imeneyo ndinali ndisanakaonepo, koma ndinkadana nako ngati munthu amene anandilanda mwamuna.

Ndiye panabadwa masewera. Palibe mkazi ankafuna kukhala woyamba. Tinkadzuka, kusesa pabwalo posesedwa kale, ndowa ili pakhomo, khutu lili ku mjigo. Wina akatopa ndi kudikira n'kukayamba kupopa, tinkamvetsera mpaka kulira kwa chitsulo kutalemera, kenako tonse tinkatulukira ngati ngumbi mvula itagwa. Pa masewera amenewa ine ndinali katswiri, sindibisa. Ndinkatha kutsuka mbale imodzi mpaka wina agonje.

Zinasintha chaka chimene achemwali anga aakulu anabwerera kumudzi, matipate atangokhazikika kumene. Iwowa ankasoka zovala ku Lilongwe, ndipo anali munthu waukhondo wochititsa mantha. Ankasita ngakhale nsalu yopita nayo kudimba. Ndili mwana ankandikhula zidendene ndi mwala mpaka ndilire. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo iwo anatsika matola pamsewu atavala diresi losoka okha limene tsopano linkawalendewera. Matendawo sitinkawatchula dzina. Ofunsa tinkangowauza kuti ndi m'mimba, ndipo sitinkanama kwenikweni, chifukwa m'mimbamo ndi mmene munatisautsa. Mankhwala amene anthu akumwa masiku ano kunalibe.

Pakhomo tinalipo atatu: odwalawo, ine, ndi amayi athu amene maondo anali atawakana kalekale. Achemwali atafika poti sakuthanso kufika kuchimbudzi, anandiitana tsiku lina ndikuwasintha pogona, n'kundigwira dzanja.

"Iwe, kufa ndifa, zimenezo zisakuvute," anatero. "Koma nsalu zangazi asazione munthu. Wamva? Anthu azindikumbukira mmene ndinalili."

"Ndamva, achemwali."

"Usangoti wamva. Lonjeza."

Ndinalonjeza, osadziwa kuti lonjezolo likukathera m'manja mwa kampira kali pansi pa nthaka.

Wina angafunse kuti bwanji sindinkatungiratu madzulo. Ndinkatunga, kudzaza ndowa zathu ndi mtsuko womwe. Koma wosamalapo matenda otere akudziwa kuti pofika m'mawa palibe dontho limatsala, ndipo nsalu zimakhala zaunjikana. Mtsinje unali mchenga wokhawokha, ngalande za m'minda ya mpunga zili gwaa. Ndiye atambala akamalira ndinkanyamula beseni lovundikira ndi chitenje, kupita ku mjigo kusanayere. Pa simenti pochapira anthu sindinkachapirapo, lamulo linkaletsa ndipo inenso sindikanatero. Ndinkatunga n'kukachapira kuseri kwa nthochi, kumene madzi otayika ankathera, kenako n'kudzayanika m'kati mwa bafa lathu la udzu.

Choncho ine, katswiri wochedwa uja, ndinasanduka wodzutsa mjigo wa mudzi wonse. Tsiku lililonse ndinkapopa mphepo ndekha, maso ali kum'mawa, ndikupikisana ndi dzuwa. Mantha anga anali amodzi, kuti kundichera madzi asanakwere, anthu n'kundipeza ndi beseni lija.

Koma palibe ankabwera, ndipo zimenezi m'malo mondisangalatsa zinkandipsetsa mtima. Pafupi ndi mjigo panali nyumba ya mayi wina wogulitsa mandasi, munthu wamikono ngati ya mwamuna. Ankadzuka kale kuposa ine, moto wake ndinkauona m'mipata ya khitchini, fungo la mafuta ndinkalimva. Koma sanatulukepo kudzagwira chitsulo ngakhale kamodzi. Ankadikira ndichoke, n'kubwera woyamba kudzatunga madzi a thukuta langa. Tikakumana masana ankandipatsa moni mwaulemu wonse.

"Odwala aswera bwanji, anzathu?"

"Aswerako," ndinkayankha mlomo uli kumbali.

Tsiku lina ndinalephera kuugwira mtima. Ndinati, "Kodi amayi, mikono yanuyo mukuisungira chinkhoswe cha ndani?" Iwo anangoseka, n'kundipatsa mandasi awiri kuti ndikawapatse odwala. Ndinalandira, poti njala ilibe manyazi, koma ndinapita ndikung'ung'udza njira yonse.

Sikuti mjigowo anthu anangousiya. Abambo a komiti ya mjigo anadzaumasula Loweruka lina, kusolola zitsulo zazitali n'kuzigoneka pa udzu, kenako kutsitsa chitsulo cha ngowe kukawedza valavu ija. Ndinasiya mphika pamoto kuti ndikamuone mdani wanga. Kanali kanthu koyera kapulasitiki, kosaposa chibakera, m'kati muli kampira kakuda kofanana ndi kokulungapo ulusi pa makina a achemwali. Mbali imodzi kanali katalumika pang'ono chabe, poti chikhadabo n'kulowa. Ndinayang'anitsitsa kampatako. Mavuto anga onse ankadutsira pamenepo.

Katsopano sikanapezeke. Bambo wachisilamu wa sitolo ya zitsulo pa Sharpevale anafufuza m'makatoni ake onse, n'kupepesa kuti tikayese ku boma. Wopita ku boma anabwerako ndi mawu akuti tidikire, zikuchokera kutali. Abambo aja anangokatembenuza kampirako, n'kuchekerera chubu cha njinga, n'kubwezera. Masiku angapo otsatira madzi ankabwera msanga, ine mpaka kuyimba nyimbo za kwaya ndikupopa. Kenako chubu chija chinatha mphamvu, ndipo mjigo unayamba kuthawitsa madzi kuposa kale. Kunabweranso wina wofuna mavoti, anamwa madzi athu pachikho anthu akuwomba m'manja, n'kulonjeza mjigo watsopano. Anatisiyira nsalu za nkhope yake. Nsaluzo zinatithandiza, sindinama, tinkayala pansi pa odwala.

M'mawa umene sindidzauiwala unali wa mwezi wotentha uja, mvula isanagwe, madzi atatsika kwambiri pansi. Usiku wake unali woipa ndipo beseni linali lodzaza. Ndinapopa. Ndinasintha dzanja, ndinapopa ndi mimba, ndinalendewera pa chitsulo. Kunayera, mapiri a kumtunda anayamba kuoneka, madzi osabwera. Ndikapuma pang'ono, amene ndakwezawo ankatsikanso, ndiye kupuma kunali kuyambiranso. Matuza a m'manja anaphulika. Dzuwa linatuluka lonse, ntchentche zinapeza beseni langa n'kudetsa chitenje chovundikira chija. Ndinaumenya mjigo ndi phazi, ndinautukwana mawu amene mkazi wa kumpingo sayenera kuwadziwa, kenako ndinalira, ndikupopabe. Panalibe china choti ndichite. Kubwerera nalo beseni kunyumba sikukanatheka, poti odwala analibe nsalu ina youma.

Belu la kusukulu linalira. Nthawi imeneyo pa mjigo pamayenera kukhala mzere wa ndowa, ana akukankhana. Koma panalibe munthu. M'njira munalibe munthu, m'makomo zitseko zili zotseka, ngakhale wotulutsa mbuzi sanaoneke. Madzi atabwera ndinachapa kuseri kwa nthochi dzuwa likundiwotcha pamsana, mtima uli m'mwamba, ndikucheukacheuka. Nditangolowa mumpanda wathu ndinamva ndowa zikugundana m'mudzi monse. Ndinaluma mano. Ndinati anthu awa ulesi wawafika pa fupa, alolera ana apite kusukulu osasamba kusiyana n'kundithandiza kupopa.

Achemwali anali maso, akuyang'ana kukhomo.

"Wachedwatu. Akuona?"

"Palibe wandiona."

"Usandinamize, iwe. Kunjaku kwacha kalekale."

"Ndithu, achemwali. Anthu a m'mudzi muno ndi alesi, akhoza kufa ndi ludzu akudikira kapolo wawo awapopere."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kanali komaliza kuwamva akuseka. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, anthu akufesa mpunga. Amayi a kumpingo atabwera kudzasambitsa thupi anawapeza pa nsalu yochapa, m'chipinda chosesa. Mmodzi anati, "Koma mayiwa anali aukhondo mpaka mapeto." Ndinatuluka kukalira kuseri kwa nkhokwe. Lonjezo ndinali nditalisunga, ndipo ndinkayesa kuti ndalisunga ndekha.

Maliro atatha ndinalumbira kuti mjigo umenewo sindidzaudzutsanso. Masewera aja anayambiranso, ine n'kubwerera pa mpando wanga wotsuka mbale imodzi. Valavu yatsopano inali isanabwerebe.

Titakolola mpunga, m'mawa wina ndinadzidzimuka ndi kulira kuja kusanayere, gwedegwede wouma, wautali. Ndinatembenuka n'kugonanso. Mawa lake kunaliranso nthawi yomweyo. Tsiku lotsatira ndinadzuka n'kusuzumira pa mpata wa mpanda. Anali mayi wa mandasi uja. Mwana wawo wamwamuna anali atabwera kuchokera ku maesiteti a fodya atawonda, ndipo ofunsa ankauzidwa kuti ndi m'mimba. Pambali pa mjigo, pansi, panali beseni lovundikira ndi chitenje.

Mkwiyo wonse umene ndinawasungira unasungunuka nthawi yomweyo. Ndinkadziwa mmene mapewa awo akuwotchera, ndinkadziwa kumene maso awo akuyang'ana. Ndinkadziwanso kuti anthu awiri pa chitsulo chija madzi sachedwa. Ndinamanga nsalu n'kugwira chitseko.

"Ukupita kuti?" Anali amayi, ali chigonere pamphasa.

"Ku mjigo. Ndikawathandize kupopa."

"Khala pansi."

"Amayi, alitu okha. Kuwachera."

"Ndati khala pansi. Iweyo unkafuna munthu akupeze ndi beseni lija?"

Dzanja langa linali likadali pa chitseko.

"Ukuyesa anzako ankagona?" anapitiriza amayi motsitsa mawu. "Mjigo umenewu ukalira mdima ulipo, mudzi wonse umadziwa khomo limene lavuta. Tsiku lija dzuwa linakutulukira, mayi yemweyo ndi amene anazungulira kuseri kwa nyumba zonse kuuza anthu kuti asatulutse ana mpaka udutse. Mandasi ake anapserera pamoto."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ukanadziwa, ukanatha kuwayang'ana m'maso achemwali ako n'kunena kuti palibe wakuona?"

Ndinasiya chitseko n'kukhala pansi pomwepo, ndowa ili pakati pa miyendo. Kunja chitsulo chinkalirabe chouma, chikumasiya pang'ono n'kuyambanso, ndipo nthawi iliyonse chikasiya ndinkadziwa kuti madzi akutsika. Manja anga ankafumbata okha. Ndinkamva atambala, ndinkamva khanda la nyumba yoyandikana likulira n'kutontholetsedwa msanga, ndipo ndinazindikira kuti kuseri kwa chitseko chilichonse kuli mkazi wokhala pansi ngati ine.

Kuwala kunayamba kulowa pansi pa chitseko. Tsiku limenelo madzi anachedwa kwambiri, ndipo palibe anatuluka.