Kamkango ka Kuseri kwa Supuni

Bukulo ndinaligula pamsika wa Mitundu, kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pafupi ndi ogulitsa kaunjika. Linali lachingerezi, chikuto chake chothothoka, ndipo m'kati munali zithunzi za masupuni ndi mafoloko a siliva okhaokha. Ine mphunzitsi wa ana aang'ono ndinalibe nalo ntchito. Koma pa tsamba lina ndinaona supuni yofanana ndendende ndi ya amayi anga ku Nathenje, ndiye ndinalephera kulisiya.

Masupuni a amayiwo anabwera ndi malemu bambo, amene ankaphikira mzungu wina pa esiteti ya fodya. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira anayi. Tonse m'nyumba mwathu tinakula tikumwera phala masupuni amenewo.

Achimwene anga aakulu, amene amagulitsa zitsulo za njinga pa Nathenje, analipeza bukulo patebulo panga atabwera kudzacheza. Iwowa chilichonse amachiona ngati malonda, ngakhale nkhuku ya eni amaiyeza ndi maso. Anawerenga kuti supuni yakale ya siliva imadziwika ndi tizizindikiro todinda kuseri kwa chogwirira, makamaka kamkango, ndi kuti okonda zakale amailimbirana. Asanatuluke n'komwe pakhomo panga anali ataimbira kale foni munthu wina wa ku Lilongwe wogula zoterezi.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, buku lili m'chikwama, ulendo wa kwa amayi. Achimwene anali atafika kale.

"Amayi, masupuni aja ndi chuma," anatero. "Angogona m'dengu chabe."

"Agona bwanji poti ndimadyera?" anayankha amayi.

Komabe amayi sadziwa kumukaniza mwana wawo woyamba. Analowa m'nyumba, natulutsa masupuniwo atawakulunga m'kansalu, n'kuwaika pamphasa mosayang'ana aliyense. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo bukulo ndinadana nalo tsiku limenelo.

Achimwene anatembenuza supuni yoyamba. Kuseri kunali see, kosalala. Anatenga yachiwiri n'kupita nayo padzuwa, kenaka anabwereka magalasi anga. Kamkango kanalibepo, kungotsala kadzenje kosaoneka mutu kapena mchira.

Siliva akakhalitsa amada, ndipo kwathu supuni yakuda ndi manyazi a mayi wa pakhomo. Zaka zonsezi amayi ankawakwecha ndi mchenga wa kudambo wosakaniza ndi phulusa, monga amachitira ndi mapoto, mpaka aziwala. Ndinatsegula bukulo n'kuwawerengera achimwene pamene linalemba kuti siliva sakwechedwa, ndipo supuni yofufutika zizindikiro palibe angaidziwe, ogula saifuna. Ndinawerenga mokweza ndithu, ngati ndili m'kalasi.

"Amayi inu, mwakwecha chuma chonse!" anadandaula achimwene, manja ali kumutu.

"Ndiye iwe umafuna alendo anga azidyera zakuda?"

Achimwene anaphulika kuseka mpaka misozi. Amayi anatola masupuni awo msangamsanga, atatu n'kubwezera m'kansalu. Yotsalayo anatakasira tiyi amene tinamwa tonse pakhonde.

Bukulo ndikadali nalo, ndipo ndimalikondanso tsopano. Masupuni akadali ku Nathenje, akunka napyapyala chaka ndi chaka. Tsiku lija ndisananyamuke, amayi anandipatsa chidebe kuti ndikawatapire mchenga kudambo, poti wawo unali utatha. Ndinadzaza mpaka pakamwa.