Waya wa pa Chitseko cha La Tana

Elvio Giraudo anali munthu wofatsa mpaka tsiku limene anavundukula lona m'shedi ya malemu bambo ake. Anagwira ntchito moyo wake wonse pa fakitale ya tchizi ya m'tauni mwathu muno, m'chigawo cha Santa Fe, osakanganapo ndi munthu. Atapuma pa ntchito tinkati wapeza mtendere. Koma kuyambira tsiku la lonalo, aliyense wodutsa mumsewu wa kuseri kwa tchalitchi ankamva kutukwana kukuchokera m'galaja mwake, nyundo ikuvomereza.

Pansi pa lonapo panali La Tana, galimoto ya bambo ake, Don Bautista. Inali ya zitseko ziwiri, yopangidwa ku Turin, m'dziko la Italy, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo dzinalo ndi mmene timatchulira mkazi wa ku Italy kuno. Mkuluyo anaigula kwa mkazi wamasiye wa dokotala wina, ndipo sankaiona ngati chinthu chapadera ayi. Ankanyamuliramo tchizi, masoseji, matumba a chimanga, tsiku lina mpaka mwana wa ng'ombe. Chinthu chikathyoka ankadula waya pa mpanda n'kumanga, monga timachitira tonse kuno. Atamwalira, galimotoyo inakhala m'shedi zaka zambirimbiri, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Eni ake tsopano anali awiri, Elvio ndi mkulu wake Nelso. Koma Nelso matenda a shuga anali atamulanda maso, ndipo anali atayamba kumugwira miyendo.

"Itenge iweyo," anatero Nelso. "Ine ndiziyendetsa ndi mphuno? Koma ukaikonza udzandikweze. Ndikufuna ndidzapite nayo kumunda kwa bambo kamodzi kokha, basi."

"Pofika Khirisimasi mukwera, achimwene."

Bwenzi atakweradi pakanapanda Pautasso. Ameneyu ndi wogulitsa magalasi a maso ku Rafaela, komanso mkulu wa kagulu ka anthu okonda magalimoto akale, anthu amene amapukuta injini ndi kansalu koyera kuposa ka patebulo. Anamva mphekesera, anabwera, anaizungulira La Tana atavula chipewa ngati ali pamaliro.

"Bambo Giraudo, mukudziwa chimene muli nacho?" anafunsa motsitsa mawu. "Izi anapanga zochepa zedi. M'dziko lonse lino sindikhulupirira kuti ilipo inzake."

Kenako anafika pa chitseko cha mbali ya wokwera. Chogwirira chake chinathyoka Elvio akadali pasukulu, ndipo Don Bautista anapisa waya pabowopo n'kuupota ngati khutu la kapu. Ukaukoka, chitseko chinkatseguka. Pautasso anagwira pachifuwa.

"Nkhanza zimenezi anachita ndani? Ayi, bambo, zonsezi zichoke. Chilichonse chikhale orijino, monga inatulukira m'fakitale. Ngakhale kabawuti."

Mawu akuti orijino anamulowa Elvio ngati thekenya m'chala. Anayamba ndi kupala penti, ndipo pansi pa penti anapeza dzimbiri. Atachotsa dzimbiri anapeza bowo, ndipo bowolo linali lotsekedwa ndi lata la denga la khola. Kabuleta inali ya lole. Hutala inali ya thalakitala. Mpando mayi ake anaukuta ndi bulangete lofiira, lomwe linamwa fungo la tchizi ndi fodya wa bambo ake mpaka kulimba ngati chikopa. Chilichonse chimene ankapeza ankapukusa mutu, kuwadandaula malemuwo, n'kuchiponya pamulu wa kuseri. Muluwo anadzautenga munthu wa ngolo wogula zitsulo zakutha, bulangete lija Elvio analiwotcha yekha.

Kutaya n'kosavuta. Kupeza cholowa m'malo ndiye kunali kulira. Zipangizo za galimoto yotere sizipezeka m'sitolo ya pakona. Uyenera kusaka nkhalamba ina ku Italy imene inasunga kamodzi m'bokosi, uinyengerere pafoni m'chinenero cha agogo ako chimene unachiiwala kalekale, kenako udikire. Galasi la nyali linafika litasweka. Linzake linafika lamphumphu, koma la kumanzere, pamene la kumanzere anali nalo kale. Mabawuti ena sankagwirizana ndi sipanala iliyonse ya m'tauni muno. Wowotcherera zitsulo anamuthawa, wopaka penti anasiya kumuyankha moni. Munthu amene sanakwezepo mawu pa fakitale anaphunzira kuponya sipanala kukhoma.

Komabe ndisamunamizire kuti zonse zinali misala. Galimoto ija ndi yokongola, abale. Thupi lake lilibe ngodya paliponse, limangotsetsereka kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo atalipaka penti yake yeniyeni linangoti psuu. Tsiku limene injini inalira koyamba, Elvio anakhala pansi pa simenti n'kulira nayenso, misozi ikusakanikirana ndi girizi. Mkazi wake Delma anamupeza choncho, atamubweretsera chikho cha tiyi wa yerba.

"Inu bambo, ine pa ukwati wathu simunandilirire chonchi," anatero. "Tsiku lina mudzadzuka mutapeza ndaika botolo padenga pake."

Kuno galimoto ikaima pamsewu ili ndi botolo padenga, aliyense amadziwa kuti ikugulitsidwa. Delma ankaopseza choncho sabata iliyonse, koma tiyi sanasiye kubweretsa.

Lamulungu lililonse Nelso ankabwera kudzadya nyama yootcha, ndipo funso lake linali limodzi.

"Yatha?"

"Yatsala pang'ono, achimwene."

"Ndamva injini ikulira ine. Ikuyenda kapena sikuyenda?"

"Ikuyenda, koma chitseko cha mbali yanu chilibe chogwirira."

"Ndiye unditsegulire cham'kati, vuto lili pati?"

"Simungakwere ili choncho. Anthu aona bowo."

"Iwe, ine sindiona! Ukukonzera ine kapena ukukonzera anthu?"

Apa ndiye pamene Elvio amandipsetsa mtima ine. Galimoto inali yokhoza kuyenda, msewu wa kumunda unali pomwepo, mkulu wake anali pomwepo. Koma iye anaumirira kachitsulo konyezimira kotalika ngati chala. Anakasaka zaka ziwiri. M'zaka ziwiri zimenezo madokotala anamudula Nelso zala za kuphazi, ndodo inalowa m'nyumba, ndipo anayamba kunena zoti mwendo wonse uchoke Pasaka ikadutsa. Elvio ankazimva zimenezi, mtima unkamuwawa ndithu, koma m'malo motulutsa galimoto ankangothamangira kufoni kukakalipira anthu a ku Italy.

Chogwirira chija chinabwera m'sutikesi ya wansembe wa parishi yathu, pochokera ku Roma, chitakulungidwa m'masokosi. Elvio anachimanga pa chitseko. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, anaitulutsa La Tana pamsewu. Aneba anasonkhana, Pautasso anabwera ndi kamera. Delma anamugwira Nelso pamkono n'kumufikitsa pa boneti.

Nelso anapatsira Delma ndodo, n'kuika manja onse awiri pa galimoto. Anayenda nayo pang'onopang'ono, zala zikusisita. Pamwamba pa tayala lakutsogolo anaima, anasisita, anabwereza.

"Pamene inaponda ng'ombe yakuda ija pali kuti?"

"Ndinawongola, achimwene. Simungadziwe n'komwe kuti panali popindika."

Nelso anapitirira. Anafika pa chitseko, chala chake chinapinda chokha kufuna khutu la waya, n'kugunda chitsulo chozizira. Anachipapasa osadziwa kochikankhira, mpaka Elvio anamutsegulira. Atakhala pampando wachikopa chatsopano, Nelso anakoka mpweya ndi mphuno, kawiri, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Anatambasula dzanja, anapeza chiwongolero, anadina hutala. Inalira kamawu kakang'ono kaulemu. Ya thalakitala ija inkathamangitsa ng'ombe mumsewu munthu akadali kutali.

"Delma, mlamu, ndipatseni ndodo yanga," anatero, n'kutsika.

"Achimwene, mukupita kuti? Tiyeni kumunda."

"Galimoto yabwino kwambiri, mng'ono wanga. Wagwira ntchito. Koma ndi ya ndani?"

Pautasso anatsitsa kamera.

"Ndi ya bambo! Ndi La Tana!"

"Ayi. Iyi ndi ya dokotala uja. Ya bambo unataya. Ika botolo padenga, mabwana a ku Buenos Aires aigula lero lomwe."

Elvio anaphulika. Anatchula zaka zimene anathera chogona pansi pa galimoto, msana umene unatha, maulendo amene Delma sanapite, zala zimene anaziphwanya ndi nyundo. "Zonsezi ndimachitira inu!" anakuwa. "Inu! Ndiye lero muziti ndi ya dokotala?"

"Ine ndinakupempha kuti undikweze," anatero Nelso osakweza mawu. "Sindinakupemphe kuti uwachotsemo bambo."

Aneba anayamba kuchoka mmodzimmodzi, monga amachitira anthu mkangano ukakhala wa pachibale. Elvio analowa m'galaja. Anayang'ana paliponse, pansi pa tebulo, m'mabokosi, kuseri kumene kunali mulu uja. Kunali udzu wokhawokha. Ntchito yake anaigwira bwino kwambiri moti panalibe ngakhale kachidutswa ka bulangete. Anaima pamenepo atagwira m'chiuno, manyazi ndi ukali zikulimbana m'chifuwa, maso ali pa mpanda wa nkhuku za Delma.

Anabwerera pamsewu ali ndi sikuludiraiva m'dzanja limodzi, waya wadzimbiri wa pa mpandawo m'dzanja lina. Anagwada pa chitseko n'kuyamba kumasula chogwirira.

"Bambo Giraudo, mwapenga?" anakuwa Pautasso. "Zaka ziwiri! Mukanda penti!"

"Gwirani ichi," anatero Elvio, n'kumuika chogwiriracho m'manja osamuyang'ana.

Anapisa waya pabowo, anaukola ku loko cham'kati, anaupota panja ngati khutu la kapu. Kenako anatenga dzanja la mkulu wake n'kuliika pamenepo. Nelso anapapasa, nkhope ili gwa.

"Wapota molakwika. Bambo anali amanzere."

"Achimwene, musandiyese!"

"Choka apo, sudziwa kanthu iwe."

Nelso anamasula wayawo ndi zala zake zokalamba, anaupotanso chobwerera, nsonga n'kuisiya ikuloza pansi. Anakola chala, anakoka. Chitseko chinatseguka, ndipo nsonga ya waya inakanda penti yatsopano ija, kwee! Elvio anatsinzina ngati amukanda m'diso.

"Eyaa," anatero Nelso. "Kulira kwake n'kumeneko."

Anatseka n'kukokanso, kuti amvenso. Mzere woyera unaoneka pa chitseko chofiira. Kenako analowa yekha popanda womugwira, anaika ndodo pakati pa miyendo, n'kugogoda chiwongolero.

"Ukudikira chiyani, Khirisimasi ina? Liza tizipita."

Delma anathamangira m'nyumba, anabwerako ndi tchizi chachikulu chonunkha bwino, n'kuchiponya pa chikopa chatsopano osachikulunga. Elvio anatsegula pakamwa kuti adandaule, anayang'ana mkulu wake akukoka mpweya ndi mphuno, n'kutsekanso. Analiza injini. Msewu wa kumunda ndi wafumbi ndi miyala, ndipo mwala woyamba unagunda penti asanadutse n'komwe pa tchalitchi.