Lipenga la Madala Linakakamira pa Liwu Limodzi

Tinali atatu: ine pa kiyibodi, alamu anga pa ng'oma, ndi madala ena oliza lipenga. Madalawo anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, ndipo nkhondo itatha sanabwererenso. Ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pa Boma, pafupi ndi pamene ine ndimasokera zovala. Ndiwo anatiphunzitsa jazi, ngakhale iwo sankalitchula dzinalo. Ankangoti, "Tiyeni ticheze."

Pa kucheza kwathuko panalibe nyimbo yokonzeratu. Mmodzi ankayamba, enafe n'kumvetsera, kenaka n'kumuyankha. Ine ndinakulira m'kwaya, mmene ukaphonya liwu aliyense amakucheukira, ndiye poyamba zinkandivuta. Madala akakhotetsa nyimbo ndinkachotsa manja pa kiyibodi poganiza kuti alakwitsa, ndipo iwo ankandikalipira. "Mwananga, muno mulibe kulakwitsa. Mnzako akalowa kutchire, umutsatire konko." Patapita zaka ndinazolowera, moti akaliza chachilendo ndinkangowatsatira osaganiza.

Loweruka lina m'nyengo yotentha tinaitanidwa kukaimba masana pa resitihausi ina ya kumalire. Mathiraki anali atandanda pamzere wautali, ndipo madalaivala odikira mapepala awo anadzaza pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Mayi eni malowo anatichenjezeratu kuti, "Anthu angawa amakonda zovina. Akayamba kuthawa ndikuuzani musiye."

Tinayamba modekha. Sipanatenge nthawi, dalaivala wina wamkulu thupi, wovala vesiti yofiira, anakuwa kuti, "Mukuchuna zingwe kapena mwayamba? Imbani zodziwika!" Anzake anaseka. Ndinaona mayi aja ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno. Ndinayang'ana madala kuti mwina asintha n'kuyamba kanyimbo kovinika, koma iwo anali atatsinzina, atatsamira mzati wa khonde.

Kenaka lipenga linachita zimene ndinali ndisanamvepo. Linagwira liwu limodzi lotsika, n'kulisiya, n'kuligwiranso. Liwulo linali losasa, lotuluka ndi mpweya wambiri, ngati chitseko chikukhula pansi. Ndinadikira kuti akwere, osakwera. Anabwereza liwu lomwelo. Mumtima ndinati madala apsa mtima, akumuyankha dalaivala uja. Ndinatsitsa dzanja lamanzere n'kuyamba kuliza pafupi ndi liwu lawolo, pang'onopang'ono. Alamu nawo anasiya timitengo n'kumasisita ng'oma ndi zikhatho.

Pabwalo panati zii. Amene ankaseka aja anasiya. Mayi wina wogulitsa manachesi anatula dengu lake n'kuima pampanda. Liwu lija linkabwera moduladula, lililonse lofupikirapo kuposa linzake, ndipo ine ndinkadzaza mipata imene linkasiya. Ndinkaona ngati sitinaimbepo bwino chotere, ndipo lipenga litakhala chete kwa kanthawi anthu ena anawomba m'manja.

Ng'oma zinaleka mwadzidzidzi. Nditatukula maso ndinaona alamu ataimirira.

"Alamu, taonani dzanja lawolo," anatero.

Dzanja lamanja la madala, limene amadinira mabatani a lipenga, linali litagwa, likulendewera pambali. Lipenga analigwira ndi lamanzere lokha. Mbali imodzi ya nkhope inali itatsika, ndipo malovu ankayenderera pachibwano mpaka pakolala. Maso anali atatsegula, akundiyang'ana, ndipo ankayesabe kubwezera lipengalo pakamwa.

"Madala! Madala, mukundimva?"

Anayankha, koma sanali mawu. Mwendo unapindika, madala n'kuyamba kutsetsereka ndi mzati uja. Alamu anawawakha asanafike pansi.

Anthu anatiunjirira, aliyense ndi nzeru zake. Wina ankati ndi dzuwa, tiwathire madzi. Wina anabwera ndi botolo la zoziziritsa kukhosi kuti tiwamwetse. Bambo wina kumbuyo ankanena motsitsa kuti izi n'zoponyeredwa, kuchipatala sakazitha. Ine ndinali nditaonapo azakhali anga atagwidwa ndi sitiroko, choncho ndinakankha botolo lija n'kukuwa kuti, "Musawamwetse kanthu, atsamwa! Galimoto ili kuti?"

Galimoto inalipo, ya bambo wina wothandiza madalaivala pa za mapepala, koma inali panja pa geti, ndipo thiraki ina inali itatseka njira. Mwini thirakiyo sankadziwika kumene anali. Dalaivala wa vesiti yofiira uja anangowerama, n'kuwanyamula madala ngati mwana, n'kudutsa nawo pakati pa mathiraki, ife tikuthamanga pambuyo. Atawagoneka kumpando wakumbuyo anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. "Thamangani, bwana, musaime!"

Kuchokera kumalire kufika pa Boma si patali, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Mutu wa madala unali pamiyendo panga. Ankandifinya chala ndi dzanja lamanzere, akuyesa kundiuza kanthu. Mawu ochepa amene ankatuluka anali a Chinyungwe cha kwawo ku Tete, chimene ine sindimva. Ndinkangoti, "Eya, madala, ndamva, tafika kale," chonsecho tinali tidakali kumbuyo kwa thiraki imene inkakwera chitunda mwaulesi. Alamu anatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa kuti atipatse njira.

Kuchipatala anawalandira msanga. Ife tinatsala pabenchi panja. Ndipamene ndinazindikira kuti alamu anali atagwira lipenga lija m'manja njira yonse, ndipo kiyibodi ndi ng'oma tinazisiya pabwalo paja. Akazi awo a madala anafika madzulo, mpango uli m'manja. Anandifunsa kuti zinayamba bwanji, ndipo ndinawauza zonse, ndi zoti anthu anawomba m'manja zomwe.

Madala anapulumuka, koma dzanja lamanja silinadzukenso, ndipo milomo sinkathanso kugwira lipenga. Atatuluka m'chipatala, akazi awo anapita nawo kumudzi kumene mayiwo anabadwira, cha ku Thambani. Ine ndi alamu tinayesa kuimba awiri, koma tinkangodikirana, wina osayamba.

Mvula itatha tinakwera pikapu kukawaona. Tinawapeza pampando pakhonde, ataonda, ndevu zitayera. Ankalankhula, koma liwu lililonse ankachita kulikoka. Za tsiku lija ankakumbukira kutentha ndi vesiti yofiira basi.

"Ndinaimba chiyani?" anafunsa.

Alamu anatseka mphuno n'kuyerekeza liwu losasa lija, kulidula, kulibwereza. Akazi a madala anatembenukira kumbali. Madala anamvetsera mpaka alamu atatopa, kenaka anafunsa kuti, "Nanga iwe, mwananga?"

"Ndinkakuyankhani," ndinatero.

Anagwedeza mutu. "Ubwere nayo kiyibodi."

Kumudziko kulibe magetsi, ndiye timanyamula batire ya galimoto. Timapita tikapeza mpata. Madala amaimba ndi dzanja lamanzere, kugogoda ndi supuni pachitini cha zipangizo zawo zakale za mawailesi, ndipo ana a m'mudzimo anatopa nafe kalekale. Nthawi zina amagogoda mokhota dala, kapena kukakamira pamalo amodzi. Akatero zala zanga zimapitiriza kuimba, koma maso amathamangira pankhope pawo, ndipo ndikacheuka ndimapeza alamu nawonso akuwayang'anitsitsa.