Pisitolo Yatsopano ya a Roy

Ndinafika ku Birmingham mu 2004 ngati katundu wa mkazi wanga. Iye ndiye anaitanidwa kudzagwira ntchito ya unesi pachipatala cha boma, ine ndi ana awiri tinangotsatira pambuyo. Ku Limbe ndinali munthu. Ndinkakonza makina osokera, ndipo matelala a m'makonde, kuyambira kumsika mpaka ku Bangwe, ankandidziwa kuti Wyson wa makina. Ku Smethwick, kumene tinapeza nyumba, wondidziwa anali wobweretsa makalata yekha, nayenso ankangodziwa nambala ya chitseko.

Mkazi wanga, amayi a Tadala, ankagwira mashifiti a usiku. M'mawa akafika ankangogwera pabedi, ine n'kuperekeza ana kusukulu, kubwerera, kukhala. Ana akaweruka ndinkawafunsa za kusukulu m'Chichewa, iwo n'kuyankha mawu awiri a Chingerezi maso ali pa TV. Ndinkasungulumwa kwambiri, koma sindinauze munthu, poti mwamuna amene wakwera ndege akadandaula, kumudzi amuseka.

Ntchito ndinaipeza pa kabuti selo, msika wa Lamulungu umene anthu amagulitsa zakale zawo kuchokera m'mabuti a galimoto. Mayi wina anali ndi makina osokera amene ankati anafa kalekale. Ndinagwada, ndinapukusa gudumu, ndinamva kuti singano ndi shatolo sizikukumana pa nthawi yake. Ndinatulutsa kasikuludalaiva kamene sikachoka m'thumba mwanga, ndipo posakhalitsa makina aja anayamba kusoka. Nditadzuka ndinapeza mkulu wina wa imvi, wamfupi, akundiyang'ana.

"Manja amenewa amagwira ntchito kuti?" anandifunsa.

"M'thumba, bwana."

Anaseka pang'ono, nati dzina lawo ndi a Dennis, ali ndi shopu ya mfuti, ndikawapeze Lolemba. Nditamva mawu oti mfuti, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Iwo anaona nkhope yanga, nandifotokozera kuti mfuti zenizeni za m'manja zinaletsedwa kale m'dzikomo. Zimene ankagulitsa ndi kukonza zinali za mpweya, zowombera tizipolopolo tamtovu totchedwa mapeleti, zimene anthu amachitira masewera olasa chandamale.

Mkazi wanga sanakondwe. "Mfuti? Muli siriyasi, bambo a Tadala? Chabwino, kayeseni, koma musakamenshone kutchalitchi. Mukudziwa mmene anthu amayankhulira." Choncho kutchalitchi ndinkangoti ndimagwira kushopu, ndipo palibe anafunsa kuti shopu yanji.

Shopuyo inali m'dera lakale la opanga mfuti, pafupi ndi pakati pa tawuni, m'nyumba ya njerwa zakuda ndi utsi. Inali yaing'ono: kauntala, mashelefu a galasi, ndi benchi yogwirirapo ntchito kumbuyo kwa kauntala. Pabenchi panali vaisi yopanira zitsulo yokutidwa ndi chikopa, masikuludalaiva ofoleredwa mwa ukulu wake, matupa aang'ono, tinyundo ta mkuwa, ndi bokosi la timalabala totseka mpweya. Kuchipinda chamkati kunali bokosi lachitsulo loyesererapo kuwomba. A Dennis anati andiyesa mpaka Pasaka, akakhutira andilemba.

Benchi imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Sizinali za malipiro okha. Pamenepo anthu ankalowa, kupereka moni, kudandaula za mvula, kutsamira pakauntala n'kumayang'ana manja anga. A Dennis eni ake anali munthu wa mawu ochepa, koma ngakhale kumva munthu akupuma pafupi nane masana kunali kwina.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba, mfuti iliyonse ukailandira uyitenge ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale mwini wake alumbire pa manda a amayi ake. Lachiwiri anandionetsa ndi chala. Pa timabawuti ta mfuti yatsopano opanga amadontheza kautoto kofiira. Utotowo ukasweka, walanti yatha, ndiye kuti opanga sayankhanso kanthu pa mfutiyo.

"Yakale tsegula mmene ungafunire," anatero. "Yatsopano sititsegula. Timabweza kwa opanga."

Ndinavomera, koma mumtima ndinkaseka. Kwathu kubweza chinthu kwa opanga n'kuchibweza kuti? Fakitale ili kutsidya kwa nyanja. Chitsulo chikasowa umachisula kuchokera ku msomali. Telala akabwera ndi mutu wa makina panjinga, iwe n'kumuuza kuti abwerere nawo, wadzichotsa ulemu, ndipo ana ake agona ndi njala chifukwa cha iwe. Ndinkaona ngati anthu akuno ali ndi manja a ulesi, ndipo ulesiwo anaupatsa dzina loti walanti.

Tsiku lovuta linali Loweruka lina mu February, kukuzizira koopsa. A Dennis anapita ku Solihull kukatenga akazi awo kuchipatala, nandisiya ndekha kwa nthawi yoyamba. Chakumasana kunalowa mkulu wina wamtali, wovala chikhoti chachikulu, atakupatira bokosi. Anati dzina lawo ndi a Roy, ndipo pisitolo imene anagula kwa ife sabata yomweyo ikukanirira.

Inali ya mtundu wodzikonzekeretsa yokha. M'chigwiriro mwake mumalowa kabotolo ka gasi. Ukawomba, gasiyo amaponya peleti, kwinaku akukankhira mmbuyo chitsulo chapamwamba chotchedwa silaidi, ndipo silaidiyo ikabwerera mfuti imakhala yokonzeka kuwombanso. Ya a Roy inkawomba kamodzi, silaidi n'kuima pakati panjira ngati bulu wokana katundu.

Ndinayamba monga ndinaphunzitsidwira. Ndinalozetsa mpope wa mfutiyo kukhoma, ndinachotsa magazini yoikamo mapeleti, ndinachotsa kabotolo ka gasi, ndinapisa kandodo ka pulasitiki mumpope kuona ngati muli peleti yotsamwa. Munalibe. Ndinatenga kabotolo katsopano n'kukafumbata kaye m'manja, poti gasi ameneyu akazizidwa amafooka. Ndinadontheza kadontho ka oilo pamutu pake, ndinakamanga, ndinaika khutu kumva ngati mpweya ukutuluka pena. Panali zii. Ndinapita kubokosi loyeserera. Kuwomba kamodzi, silaidi n'kuima. Ndinasintha magazini, chimodzimodzi. Ndinasintha mtundu wa mapeleti, chimodzimodzi.

Nthawi yonseyi a Roy anali atakhala pampando wa makasitomala, akumwa tiyi amene ndinawafulira. Anandifunsa dzina langa, nalibwereza mpaka atalitchula bwino. Anafunsa kwathu. Dziko lathu ankalidziwa ndi dzina lakale, kuchokera pa masitampa amene ankatolera ali mwana, ndipo anafuna kudziwa ngati phiri la Mulanje ndinalikwerapo. Ndinawauza za Limbe, za matelala, za fumbi la mu October. Ndinayankhula mpaka ndinadabwa ndi mawu anga. Iwonso anandiuza kuti akazi awo anamwalira chaka chathacho, ana ali kutali, ndipo kalabu yowombera chandamale ya Lamulungu m'mawa ndiyo yokha imawatulutsa m'nyumba. Mfuti yawo yakale inali yolemera, manja anayamba kunjenjemera nayo, n'chifukwa chake anagula yopepukayi.

Ndinachotsanso gasi, ndinatsinzina, n'kuyamba kukoka silaidi ija pang'onopang'ono ndi zala. Pamenepo ndinaimva. Inkakodwa malo amodzimodzi nthawi zonse, kukhula kochepa kwambiri, kofanana ndi kwa shatolo yoyenda m'njira yosasalala. Mkati munali kachitsulo kotsalira, kamene kufakitale sanakapale bwino. Ntchito yake inali yosafika n'komwe pa nthawi yomwera kapu ya tiyi. Koma kuti ndifikepo ndinayenera kumasula timabawuti tiwiri, ndipo tonse tinali ndi utoto wofiira.

Ndinawauza a Roy kuti mfutiyo iyenera kubwerera kwa opanga. Anafunsa kuti ibwera liti. Ndinati nthawi zambiri zimatenga masabata, mwina mpaka kunja kutayamba kufunda.

Anagwedeza mutu, naika kapu pansi. "Palibe kanthu. Ndizikhala kunyumba. Ndinazolowera."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chimazoloweredwacho. Ndinaona munthu wamkulu, amene wandichezetsa ngati mnzake, akukwera basi kubwerera chimanjamanja, pamene ine mmisiri ndili ndi tupa pafupi ndi dzanja. Foni inali pakhoma pomwepo, ndipo nambala ya a Dennis ndinali nayo. Sindinaiganize n'komwe. Ndinawafotokozera a Roy za utoto uja, iwo n'kuti, "Ngati ukutha, chita, Wyson."

Ndinayala nsalu yoyera pabenchi kuti pasatayike kasipuling'i. Ndinasankha sikuludalaiva yokwana bwino pamutu wa kabawuti kuti ndisakapweteke, ndinapotokola, utoto n'kuti thethe. Nditachotsa silaidi, kachitsulo kaja kanali pomwe zala zinandiuza, m'njira ya kumanzere, kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Ndinakapala ndi tupa yosalala kwambiri, kenako sandipepa yonyowetsa ndi oilo, ndinapukuta, ndinabwezeretsa zonse m'malo mwake. Kubokosi loyeserera mfuti ija inawomba magazini yonse osaima. Ndinaikanso ina, yonse. A Roy anayesa okha, natembenuka akumwetulira ngati mnyamata. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuimba chamumtima m'basi.

Lolemba ndinawauza a Dennis ndekha, ndisanavule n'komwe jekete, ndili wonyada. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Anangopita pafoni n'kupempha a Roy kuti abwere ndi mfuti ija mawa lake.

Lachiwiri a Roy atafika, a Dennis anaitsegula pansi pa nyali ya pabenchi, navala magalasi awo okulitsa zinthu. Anayendetsa chala m'njira ya silaidi kwa nthawi yaitali. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo.

"Ntchito yabwino," anatero osandiyang'ana. "Yabwino kuposa ya kufakitale. Pa zaka zanga zonse pano ndaona anthu ochepa ogwira tupa chonchi."

Kenako anavula magalasi. "Koma tsopano mfutiyi ndi ya ndani? Opanga aikana. A inshuwalansi aikana. Ikadzavulaza munthu kukalabu, dzina ndi langa. Makina osokera akalakwa amang'amba nsalu, Wyson. Ichi chimaboola diso."

A Roy anayesa kundiikira kumbuyo, kuti iwo ndiwo anandiloleza. A Dennis anangotsegula shelefu, natenga pisitolo ina yatsopano ya mtundu womwewo, naiyesa, nawapatsa. Kwa ine anati, "Ukanandiimbira foni, ndikanakuuza kuti uwapatse iyi Loweruka lomwelo. Wobweza kwa opanga ndi wodikira ndikanakhala ine, osati iwo."

Njira imeneyo inalipo nthawi yonse, ine osaidziwa, chifukwa lamulo ndinaliseka m'malo mofunsa mmene limagwirira ntchito. Kwa eni kulibe mkuwe.

A Roy anatuluka ndi bokosi lawo atawerama. Pakhomo anandigwira dzanja, natchula dzina langa, nati pepa. Sindinawaonenso. Chitseko chitatsekeka a Dennis anati, "Manja ako ndimawakhulupirira. Koma sindingakusiye wekha pano, ndipo ine ndikufuna munthu womusiya yekha." Anandilola kumaliza sabatayo. Lachisanu ndinapukuta benchi, ndinafoletsa masikuludalaiva mwa ukulu wake, ndinatuluka.

Kunyumba ndinali ndisananene kanthu. Madzulo a Lachisanu limenelo ndinapeza amayi a Tadala akuvala yunifolomu, akufunafuna baji yawo. Ndinayamba kufotokoza kuchokera kumapeto, kuti ntchito yatha. Ndimafuna ndifike pa zina zija, koma iwo anayang'ana wotchi.

"Pepani, bambo a Tadala. Mwina n'zabwino, mfuti zimenezo sizimandipatsa mtendere. Ku Telford ma warehouse akulemba anthu, mukaapulaye. Ndaleta, basi indisiya."

Ku Telford ndinapitadi, ndipo ndinanyamula makatoni kwa nthawi yaitali, m'nyumba yaikulu ya phokoso imene munthu sungamve mnzako. A Dennis sindinawasungire chakukhosi. Ananena zoona, ngakhale zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Pano ndinabwerera ku makina osokera, ndili ndi kachipinda kanga pafupi ndi Cape Hill. Munthu akabwera ndi chinthu, ndisanafunse kuti chavuta n'chiyani ndimafunsa kuti anachigula liti, ndiponso chikadzalakwika adzayankhe ndani. Ndinaphunziranso kusamala ndi chifundo changa pa tsiku limene ndasungulumwa, chifukwa chimathamanga kuposa nzeru. Timabawuti tija ndinatimasulira a Roy, inde, koma ndinatimasuliranso ine mwini, kuti munthu mmodzi m'dziko lino aone chimene ndimatha.

Anaonadi, iwo ndi a Dennis. Kungoti mawu aja akuti ndi ochepa ogwira tupa ngati ine, amene anali mawu abwino oyamba kunenedwa pa ine chifikire ku England, ndinalibe womuuza. Kutchalitchi sankadziwa kuti ndinagwirapo mfuti, ndipo kunyumba nthawi yake inadutsa. Ndawasunga ndekha zaka zonsezi, ndipo inu owerenga ndinu oyamba kuwamva.